Yatsa Ndimve

"Chotsani mwendo pakhomopo, bambo a Precious. Ndati chotsani!"

"Sindichotsa. Tula chikwamacho tikambirane ngati anthu."

"Tinayamba kukambirana fodya ali pa nazale. Lero fodya wafika m'chiuno. Mukufuna tikambirane mpaka amayi anga alowe m'nsanda?"

Ine ndinali pakhonde, pa kireti yanga imene ndimaitcha sofa, ndikusankha chisoso, makutu nditaimika ngati a bulu. Ndine Albertina. Wotchinga khomoyo ndi Gilbert, mwana wa malemu achimwene anga, ndiye pa komboni pano aliyense amangonditcha Atete, azakhali m'Chishona, ndi agalu omwe. Wa chikwamayo ndi mkazi wake Sabrina, mwana wa Asilamu a ku tauni ya Beatrice. Mlongo wake Shaban anali ataimba foni m'mawa womwewo kunena kuti mayi awo, a Mwanaisha, asiya kumeza ndi phala lomwe.

"Tsitsaniko mawu inu," ndinatero. "Mudzutsa akazi aakulu m'chipindamo."

"Atete, lero si tsiku la nthabwala," anatero Gilbert.

"Nthabwala yake iti? Amagona kuchipinda ndani? Amafunda bulangete latsopano ndani? Uyu Sabrina ndi wachiwiri, mwana wanga, ndipo wachiwiri sayenda ulendo wamkulu asanalole."

Akazi aakuluwo ndi gumbagumba ya a Gwenzi, eni purazi lino la ku Goromonzi, famu ya fodya ya kuno ku Zimbabwe. Masipika ake ndi otalika kuposa ine, ngakhale kuposa ine si nkhani yoti mpaka kuitanira atolankhani. Pamwamba pake pali chibokosi cha timagetsi tothwanima. A Gwenzi amakhala ku Harare, amalima pa foni, kuno amabwera Loweruka kudzawotcha nyama. Nyumba yaikulu ya purazi akuba anaizolowera ngati kwa agogo awo, ndiye gumbagumba anaisungitsa kwathu, poti nyumba yathu ndi imodzi mwa zochepa zimene waya wa magetsi umafika. Ndati yathu? Pakamwa pandiphonya. Nyumba ndi ya purazi. Ife tinabadwira m'menemu, makolo athu ochokera ku Malawi anagona kumanda a kuseri kwa zigafa za fodya, koma ngakhale msomali sitikhoma osapempha. Gumbagumba italowa, Gilbert ndi mkazi wake anasamukira pabalaza, ana ndi ine kukhitchini.

"Ukachoka, foni ikalira ayankha ndani?" Gilbert anafunsa mkazi wake. "Ine ndili pa thirakitala kuyambira m'mawa. Bwana akati yatsa ndimve, ayatsa ndani? Kukagunda azula pulagi ndani? Atsitsa waya wa eriyo ndani?"

"Izuleni ikhale chizulire. Ndikamwalira ine sidzazulidwa?"

"Ukudziwa kuti sizitheka. Akaimba n'kusamva ikulira, amati taibwereketsa ku ukwati kapena taigulitsa. Waiwala Estevao? Gumbagumba yoyamba ija inapsera m'nyumba mwake mphezi itamenya waya wa magetsi. Lero Estevao ali kuti? M'mapulasitiki, m'mbali mwa msewu wa ku Ruwa. Chaona mnzako chapita."

"Mako ndi mako, bambo a Precious, ngakhale achepe mwendo. Anu munawaika m'manda mutawagwira dzanja."

Gilbert anayang'ana pansi, koma mwendo sanachotse.

"Loweruka bwana akubwera. Ndikawapempha ndekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono yako ili ndi maso, iwe," ndinatero, "koma ya ku Beatrice ikutsinzina."

Palibe anaseka. Kumbali ya ku Marondera kunamveka kugunda kwa pansipansi, konga kwa m'mimba mwa munthu wodya nyemba zogona. Sabrina anatula chikwama osauzidwa, n'kuthamangira kuchipinda.

Loweruka linafika ndi magalimoto ake. Anyamata a pa komboni ananyamula akazi aakulu ngati mfumu, n'kukawakhazika pakhonde la nyumba yaikulu. Sabrina anatsatira ndi pepala la pulasitiki, poti lamulo ndi lakuti kumene kuli gumbagumba nayenso akhale pomwepo, maso kumwamba. Ine ndinatsatira fungo la nyama. Gilbert ndinamupeza akukupiza makala, chipewa atachipana m'khwapa.

"Wapempha?" ndinamunong'oneza.

"Ndikudikira akhute kaye."

"Akakhuta aledzera. Akaledzera agona. Pempha."

Anapita mpaka pamene panakhala a Gwenzi, anawomba m'manja mwa ulemu wa Chishona, anatsegula pakamwa, n'kufunsa ngati afuna nyama yopsa kwambiri kapena yamagazi pang'ono. Mwana wa achimwene anga ameneyo! Ndinaona kuti ndikapanda kulankhula ine, tibwerera ndi mafupa okha.

"Makadii, bwana," ndinatero, ndikugwada pang'ono poti mawondo anga salola zambiri. "Mwanenepa bwino. Mimba iyi si ya munthu wamba, iyi ndi ya mwini nthaka."

Anaseka, alendo awo nawo anaseka. Munthu ukafuna kukama ng'ombe umayamba waisisita.

"Ukufunanji, gogo?"

"Mtengwa wanga uyu, mayi ake ali kayakaya ku Beatrice. Mumulole akawaone. Gumbagumba ndiisamala ine. Ndinalera ana ambirimbiri a eni ake, palibe amene anapsa."

"Iwe? Ayi. Chembere za ku Malawi ndimazidziwa. Mumasunga mphezi m'kabotolo ka fodya. Ija ya kwa Estevao ukuganiza inabwera yokha?"

"Bwana, ndikanakhala ndi mphezi ndikanayamba ndaphera nsikidzi. Yotsalayo n'kuwiritsira tiyi, nkhuni zavuta."

Alendo anaseka mpaka wina kutsamwa. A Gwenzi anandiponyera nthiti m'mbale.

"Idya, uli ndi pakamwa. Mtsikanayo adzapita mvula ikatha. Odwala amadikira. Mphezi sidikira."

Mlendo wina wa magalasi, amene ankaoneka kuti mowa sunamufike bwino, anati: "Koma Gwenzi, bwanji osangogula kabokosi kaja kotchinga magetsi akabwera mwamphamvu? M'tauni tili mbwee. Umangolumikiza pakhoma, basi, n'kugona tulo."

A Gwenzi analoza Sabrina ndi fupa.

"Ndigulirenji kabokosi ndili ndi uyu? Kabokosi kamapsa, ugule kena. Uyu sapsa. Ndiponso kabokosi sikaopa kuthamangitsidwa m'nyumba."

Anaseka okha poyamba, kenako ena anawathandiza. Sabrina anaima chiimire ndi pulasitiki yake, akuyang'ana mitambo ngati sanamve. Gilbert anakupiza makala mpaka phulusa linamudzaza kumaso. Nthiti ija ndinadya, ndisakunamizeni, koma inatsika mokakamiza.

Ndiye inagwa mvula chaka chimenechi! Kum'mawa dzuwa phwee, masana kumwamba bii. Sabrina ankadziwa mitambo kuposa anthu a zanyengo a pa wayilesi. Akachapa, diso limodzi pa zovala, lina kumwamba. Kumjigo ankapita chothamanga, foni ili mu mpango. Ku maricho, kumene akazi anzake amakapalira minda ya ena n'kupezako ya sopo, anasiya. Kukangochita mdima pang'ono: zula pulagi, masula waya wochokera pa mtengo wautali wa bulugamu umene a Gwenzi anazika kuseri kuti azigwira mawayilesi akutali, uponye panja, phimba akazi aakulu ndi bulangete, pamwamba pulasitiki, beseni apa, poto apo, poti denga limadontha ndipo kulikonza si kwathu. Kukayera, bwezera zonse msangamsanga, foni isakupeze usanakonzeke.

Gilbert naye anachita zake. Anaponya tayala lakutha padenga, ati limathamangitsa mphezi. Analetsa chovala chofiira m'nyumba. Kalilole anamutembenuzira kukhoma. Duku langa lofiira la ku tchalitchi analibisa.

"Ubise ndi lilime langa lomwe," ndinamuuza, "nalonso ndi lofiira."

Foni inkalira nthawi ina iliyonse. Sabrina ankangoti "Hevoi, bwana," moni wa Chishona, uku akupotokola kabatani, n'kusendeza foni pa sipika. A Gwenzi akamva magitala a nyimbo za sungura akulira, ankadula osatsanzika. Tsiku lina anaimba mvula ili pakati.

"Bwana, kuno kukugunda," anatero Sabrina.

"Kuno ku Harare dzuwa likuswa mtengo. Mwaipititsa kuti?"

Sabrina anatulutsa dzanja pazenera, foni ili m'mwamba, kuti bwana amve mabingu ndi makutu awo. Anaima choncho, mkono ukunyowa, mpaka kumwamba kunachitira umboni.

Shaban naye ankaimba. Poyamba ankafotokoza: lero amwako madzi, lero atchula dzina lako. Kenako anayamba kufupikitsa. Tsiku lina ndinamva Sabrina akuti, "Achimwene, ayikeni foni pakhutu ndiwalankhule." Anati "Amayi, ndine Sabrina, ndikubwera," mobwerezabwereza, kenako anangomvetsera mpweya wa mayi ake. Atadula anakhala pansi pafupi ndi sipika, n'kutsamira pamenepo.

"Atete," anatero, "kwathu mwana wamkazi ndiye amathandiza kusambitsa mayi ake. Ndine ndekha wamkazi. Ndipo ife sitigoneka maliro. Akapita m'mawa, dzuwa lisanalowe alowa m'manda. Sadzandidikira ngati mmene mumadikirira abale anu."

"Ndiye ukudikiranji iwe?"

"Nyumba, Atete. Ana."

"Tandiphunzitsa zingwezo."

"Bwana anakukanani."

"Bwana ali ndi maso pa foni? Ali ndi makutu okha. Makutuwo ndimawadziwa podyera pake. Tamvera." Ndinapana mphuno, ndinakweza mawu, n'kupendeketsa mutu mwaulemu. "Hevoi, bwana."

"Mwamveka ngati mbuzi yokodwa mu waya."

"Hevoi, bwanaaa."

"Tsopano ngati mbuzi yomweyo ikubereka."

Anaseka, kwa nthawi yoyamba chiyambire mvula, mpaka misozi. Misoziyo sinaleke kuseka kutaleka, koma ndinachita ngati sindinaone. Tinayeserera masiku angapo Gilbert ali kumunda. Sukulu ine ndinangoinunkhiza, koma chingwe chakuda n'chakuda, choyera n'choyera. Chakuda chonenepa ndicho cha pakhoma, chimenecho uyambe. Chowonda ndicho cha pa mtengo. Kabatani kakakulu ndi ka phokoso. Mawu ndinawasula mpaka Precious, mwana wawo wamkulu, anayankha kuti "Mama?" ali panja.

Madzulo ena tikudya, ndinati: "Gilbert, mawa ukalawire kumunda, ndipo usabwere kudzadya masana. Maso ako akhale pa mizere."

Anandiyang'ana, anayang'ana mkazi wake, anayang'ana chikwama chimene chinali kuseri kwa chitseko.

"Atete, mudzatigoneka pamsewu."

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, mwana wanga. Unakwatira mwana wa munthu, sunamutole m'thengo."

M'mawa anatuluka osamwa tiyi. Koma pa chikwama paja tinapezapo jasi lake la mvula, lopindidwa bwino.

Sabrina ananyamuka ana atapita kusukulu, kumwamba kuli mbee ngati mbale yotsuka. Anandipatsa foni, anabwereza malangizo, anafika pa mpanda n'kubwerera kudzabwerezanso.

"Chakuda choyamba, Atete."

"Pita, iwe! Ukawauze a Mwanaisha kuti Albertina akuti asafulumire, kumwambako kulibe chisoso."

Kuchokera pa komboni kukafika pa msewu wa tala ndi mtunda, ndipo mlatho wa pakati unali utakokoloka, ndiye anayenera kuzungulira cha kudamu. Ndinamuyang'ana mpaka jasi lachikasu linalowa m'fodya. Kenako ndinakalowa kuchipinda, ndinakhala pamaso pa akazi aakulu, n'kuwauza kuti lero atsala ndi apongozi, asachite mwano.

A Gwenzi anaimba dzuwa litakwera. Ndinapana mphuno.

"Hevoi, bwana."

"Yatsa ndimve."

Ndinapotokola kabatani, mwina mopitirira, poti mphemvu zinatuluka m'khoma kuthawa. A Gwenzi anadula okhutira. Ndinavina ndekha m'chipindamo, mawondo akulira kuposa ng'oma.

Masana asanakwane, mphepo inatembenuka. Nkhuku zinayamba kulowa pansi pa nkhokwe. Kumbali ya kumsewu kunadza chimtambo chakuda chokhala ngati chapsa mtima ndi munthu. Sindinadikire kuti chindilonjere. Ndinavala majombo a Gilbert, ndinakulunga dzanja ndi chitenje, ndinazula chakuda, ndinamasula chowonda n'kuchiponya kutali, bulangete, pulasitiki, beseni, poto. Nditatha ndinakhala pa kireti ndi kabotolo kanga ka fodya, ndikudziyamikira.

Inabwera ngati yatumidwa. Kung'anima ndi kugunda zinkafika pamodzi. Ina inamenya pafupi, cha ku zigafa, mpaka mano anga otsalawa anagwedera. Ndinati mumtima, menya, menya, mwana wa eni ali mu kombi, minibasi ya kuno, pofika pano wadutsa Ruwa.

Chitseko chinatseguka ndi mphamvu. Sabrina, matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi m'manja, inayo kaya. Sanandione n'komwe. Anadutsa molunjika kuchipinda, anagwada pakhoma n'kupapasa pulagi. Anaipeza ili pansi. Anapapasa waya wa eriyo. Kulibe. Anasuzumira pansi pa pulasitiki. Mouma.

"Mwazula," anatero.

"Ndazula."

"Zonse."

"Ndi mphemvu zomwe. Iwe ukutani kuno?"

Anakhala pansi m'madzi ake omwe.

"Kombi inabwera, Atete. Malo analipo. Hwindi, kondakitala wake, anali atandilandira kale chikwama, mwendo umodzi ndaponda mkati. Ndiye kunagunda. Nditacheuka ndinaona patsidya pa msewu, pa mapulasitiki paja. Emilia, mkazi wa Estevao, ankakapa madzi ndi mbale, mwana ali kumbuyo, wina atakwera pa chitini kuti asanyowe mapazi. Ndinati, nanga Atete akayamba chowonda? Nanga akagona? Nanga mawondo akakana? Sindikudziwa mmene ndinalandira chikwama. Ndinangozindikira ndikuthamanga."

"Palibe anakuitana, mwana wanga."

"Ndikudziwa."

"Gilbert sanakutchinge. Bwana sanadziwe."

"Ndikudziwa, Atete!"

Ndinafuna kunena kanthu koseketsa, poti ndiyo ntchito imene Mulungu anandipatsa. Ndinafunafuna m'kamwa monse, munalibe. Ndinamuvula jasi, ndinamupatsa chitenje chouma, ndinamupukuta mapazi. Chala china chinali chitang'ambika.

Mvula inakatha ngati mmene inayambira. Dzuwa linatuluka, madenga a komboni akufuka nthunzi. Sabrina anamwa tiyi.

"Mawa," anatero. "Mawa ndilawira kusanache bwino, mitambo isanadzuke. Mwaonetsa kuti mumatha. Mawa sindicheuka."

"Mawa ndikuperekeza ndekha ndi chikoti."

Anadzuka, anatola waya panja, anabwezera zonse m'malo mwake, poti bwana amakonda kuimba mvula ikangotha. Asanapukute n'komwe m'manja, foni inalira. Galasi lake linasweka kalekale, dzina la woimba silioneka. Sabrina anaitola, anati "Hevoi, bwana," anapotokola kabatani, n'kusendeza foni pa sipika.

Kabatani kaja ndinali nditakasiya pamwamba. Sungura inaphulika nyumba yonse, magitala akuthamangitsana, woimba akukuwa za chikondi, mabeseni a pansi akunjenjemera. Sabrina anagwira foni pamenepo, akudikira kuti bwana adule monga mwa masiku onse. Sanadule. Anadikirabe. Kenako anatsitsa phokoso, n'kuika foni pakhutu. M'chipindamo munali zii, ndiye mawuwo ndinawamva ndi ine ndemwe.

"Sabrina? Kwanuko kuli phwando?"

"Achimwene! Ayi, achimwene, ndimayesa ndi..."

"Amayi atisiya. Posachedwapa, mvula ili pakati."

Sabrina anagwira sipika.

"Ndikubwera. Ndinyamuka pompano. Auzeni asayambe, ndikubwera."

"Azimayi a ku mzikiti ayamba kale kuwasambitsa. A shehe akuti tikaswali masana ano tinyamula maliro."

"Achimwene, mawa m'mawa. Usiku umodzi wokha."

"Mwambo ukuudziwa, mlongo wanga. Ukanakwera kombi ya m'mamawa ukanawapeza. Maso awo anali pakhomo. Bwerera ku nyimbo zako."

Foni inaduka.

Sabrina sanakuwe. Anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka pansi, nsana uli pa sipika, foni ili pamiyendo. Ndinakhala pambali pake, ndinamugwira mutu n'kuugoneka paphewa langa. Akazi a pa komboni anayamba kusonkhana pakhonde, poti nkhani ya maliro siyenda ndi miyendo. Wina anathamangira kumunda kukaitana Gilbert. Atafika anaima pakhomo la chipinda, chipewa m'manja, osapeza polowera. Mkazi wake sanamuyang'ane.

Tinakhala choncho, timagetsi ta gumbagumba tikuthwanima pamwamba pa mitu yathu. Dzuwa linapendeka. Ku Beatrice anali atanyamula.

Kenako kuwala kwa pazenera kunazilala. Kumadzulo kunagundanso, pansipansi.

Sabrina anachotsa mutu paphewa langa. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, anakwawa ndi mawondo mpaka pakhoma, n'kuzula pulagi.